Seva ikamatentha m'chipinda chozizira, yang'anani pomwe zitsulo ziwiri zakumana

Seva ikayamba kulira ngati ndege yomwe ikufuna kunyamuka, ambiri amathamangira kuloza chala eyakoni, fumbi kapena dzuwa la mwezi wa October. Kawirikawiri amakhala akulondola. Koma pali kutentha kwina komwe sikumva eyakoni. Chipinda chazizira mpaka munthu kufuna juzi, mafani onse akuzungulira, fumbi lapukutidwa, koma purosesa ikuonetsabe madigiri 95 ndipo ntchito ikuyenda ngati bilimankhwe. Zikafika apa, vuto limakhala pa kampata kopyapyala kuposa tsitsi, pomwe purosesa imakhudzana ndi chitsulo chomwe chimaichotsera kutentha.

Kwa amene sadalowepo m'chipinda chotere, seva ndi kompyuta yamphamvu yomwe sikhala pa desiki ya munthu mmodzi, koma imatumikira anthu ambiri nthawi imodzi, usana ndi usiku. Mukatumiza ndalama pa Airtel Money kapena Mpamba, mukatapa ndalama pa ATM, kapena kalaliki wa kuchipatala akamafufuza mbiri ya mankhwala anu pa kompyuta, kwinakwake kuli seva yomwe ikuyankha. Maseva ena amakhala m'nyumba zomangidwira ntchitoyo, monga National Data Centre yomwe idatsegulidwa mumzinda wa Blantyre mu 2022, koma ambiri ali m'tizipinda ta m'maofesi, m'masukulu a ukachenjede ndi m'zipatala, momwe mmisiri mmodzi amayang'anira zonse. Seva yotere ikazima masana, mzere wa anthu umatalika pa windo.

Mababu asanu pa khadi la ATM

Purosesa ndiyo imawerengera zonse mu seva, ndipo pafupifupi magetsi onse omwe imadya amasanduka kutentha. Ena mwa ma Xeon a kampani ya Intel a m'gulu la Sapphire Rapids, omwe adatuluka mu January 2023, amafika mawati 350. EPYC 9965 ya kampani ya AMD, yomwe idabwera mu October 2024, imafika mawati 500. Amene akukumbukira mababu akale a mawati 100 aja akudziwa kuti babu limodzi likayaka kwa mphindi zochepa silinkagwirika ndi dzanja. Tsono ganizirani kutentha kwa mababu asanu otere kukutuluka pa kachitsulo kosasiyana kwenikweni kukula ndi khadi la ATM.

Kutenthako kuli ndi njira imodzi yotulukira. Kumayambira pa tizidutswa ta silikoni tomwe tili mkati, kumakwera pa chivundikiro cha mkuwa chomwe chimaphimba purosesa, kumawolokera pa tsinde la heatsink, kenako kumamwazikira m'zipsepse zake zopyapyala momwe mpweya wa mafani umadutsa n'kukutengera kunja. Heatsink ndi chitsulo chija cha mkuwa kapena aluminiyamu chooneka ngati radiyeta ya galimoto. Pa ulendo wonsewu, malo ovuta kwambiri ndi powolokera paja, pakati pa chivundikiro ndi tsinde, chifukwa ndi malo okhawo omwe amalumikizidwa ndi manja a munthu kunja kwa fakitale.

Aliyense wophika pa mbaula yamagetsi amaidziwa nkhaniyi. Poto wopindika kunsi amachedwa kuwiritsa madzi ngakhale mbaula itafiira, chifukwa amangoikhudza m'mphepete kapena pakati pokha. Mbaula imapsa yokha, madzi ali zii.

Chimodzimodzi zitsulo za mu seva. Ngakhale zioneke zosalala ngati galasi, pa makina okuza zinthu zimaoneka ndi timapiri ndi tizigwa. Mukaziphatikiza zimakhudzana pa nsonga za timapiri tokha, m'tizigwamo mumatsala mpweya. Asayansi amapereka nambala ku chinthu chilichonse malinga ndi mmene chimadutsitsira kutentha: mkuwa uli pafupifupi pa 400, aluminiyamu pa 200 ndi kanthu, pomwe mpweya uli pa 0.026 basi. N'chifukwa chake bulangeti limafunditsa. Si ubweya wokha ayi, koma mpweya womwe wakodwa mu ubweyawo.

Apa m'pomwe pamalowa thermal paste, phala lotuwa lija lomwe amisiri amapaka pa purosesa. Ntchito yake si kuziziritsa, monga ena amaganizira, koma kuthamangitsa mpweya m'tizigwa tija. Phala la nambala 4, lomwe ndi labwino ndithu, limaposa mpweya maulendo 150, komabe limachepera mkuwa maulendo 100. Choncho limafunika, koma limafunika lochepa kwambiri.

Tiyeni tiwerengere limodzi. Titenge purosesa yotulutsa mawati 300 pa chivundikiro cha masentimita 5 m'lifupi ndi 6 m'litali. Phala la nambala 4 likafinyidwa bwino mpaka kupyapyala mamilimita 0.05, purosesa imatentha kuposa tsinde la heatsink ndi digiri imodzi ndi pang'ono. Phala lomwelo likakhuthala theka la milimita chifukwa heatsink sidamangidwe mokwanira, kusiyanaku kumapitirira madigiri 12. Nanga pakampata ka mamilimita 0.05 pakakhala mpweya wokhawokha? Masamu amapereka madigiri pafupifupi 190. Purosesa ingazime kalekale isanafike pamenepo, ndipo kwenikweni kampatako sikakhala paliponse, kamakhala mbali imodzi kapena pakati. Koma manambalawa akusonyeza chifukwa chake kupendekeka komwe diso silingaone kumaposa mphamvu ya eyakoni yaikulu.

Mwamwayi purosesa ya masiku ano sipsa wamba. Ili ndi tizoyezera kutentha mkati mwake, ndipo ikayandikira malire ake, omwe pa mitundu yambiri amakhala penapake pakati pa madigiri 90 ndi 105, imadzichepetsera liwiro. Pa ma Intel chizindikiro chake chimatchedwa PROCHOT. Zikapitirira, chizindikiro china chotchedwa THERMTRIP chimazimitsa makina onse nthawi yomweyo, osafunsa kuti ndani anali pakati pa ntchito. Vuto n'loti chitetezo chomwechi ndicho chimabisa matenda. Seva imatha miyezi ikugwira ntchito mwaulesi, ogwiritsa ntchito n'kumadandaula za netiweki, mabwana n'kuyamba kulemba bajeti yogulira makina atsopano pa ndalama zakunja zomwe n'zosowa kale, pomwe mankhwala ake ndi kachubu ka phala ndi ola limodzi la mmisiri wodekha.

Mafani nawo amalipiritsa. Lamulo lake n'loti fani ikawirikiza liwiro kawiri imadya magetsi maulendo asanu ndi atatu. Pa malo odalira mabatire kapena jenereta magetsi akathima, mafani othamanga usiku wonse amafupikitsa nthawi yomwe makina angapirire.

Funsani sevayo musanaimasule

Seva yeniyeni imakhala ndi kakompyuta kena kakang'ono mkati, kotchedwa BMC, komwe kamagwira ntchito ngakhale sevayo itazimitsidwa bola chingwe cha magetsi chili m'malo. Kampani ya Dell imakatcha iDRAC, ya HPE imakatcha iLO. Kamaonetsa kutentha kwa chipangizo chilichonse, liwiro la fani iliyonse, komanso kamasunga mbiri ya tsiku ndi nthawi yomwe purosesa idafika pa malire. Ogwiritsa ntchito Linux amatha kuwerenga zomwezi ndi pulogalamu ya ipmitool.

Nambala yoyamba kuiona ndi ya mpweya wolowa kutsogolo kwa seva. Bungwe la ku America la akatswiri a zoziziritsa nyumba, ASHRAE, limalimbikitsa kuti mpweyawu uzikhala pakati pa madigiri 18 ndi 27. Ngati uli pa 35, siyani kaye purosesa, konzani chipinda. Koma ngati uli pa 22 pomwe purosesa ikufika pa malire, yambani kukayikira zamkati.

Kenako onani mmene kutenthako kumakwerera mukaipatsa seva ntchito yolemetsa. Vuto likakhala fumbi, fani yakufa kapena chophimba cha pulasitiki cholondolera mpweya chomwe wina adaiwala kubwezera, kutentha kumakwera pang'onopang'ono kwa mphindi zingapo, chifukwa chitsulo chonse cha heatsink chimayamba chadzaza kaye. Heatsink yake imakhala yosagwirika. Vuto likakhala kukhudzana, nambala imalumpha kuchoka pa 40 kufika pa malire m'masekondi ochepa, ndipo mukaichotsera ntchito imagwa msanga ngati mwala. Mpweya wotuluka kumbuyo sutentha kwenikweni ngakhale mafani akukuwa, heatsink imangofunda. Ndi poto uja wozizira pa mbaula yofiira.

Seva ya mapurosesa awiri imakupatsani mboni yaulere. Apatseni ntchito yofanana, muyerekeze. Kungoti chenjerani, m'maseva ena purosesa yachiwiri imakhala kumbuyo kwa yoyamba ndipo imapuma mpweya wofunda kale, kotero kusiyana kwa madigiri ochepa n'kwachibadwa. Kusiyana kwa madigiri 15 kapena 20 pa mapurosesa oyandikana, olandira mpweya wofanana, si kwachibadwa. Mkati mwa purosesa imodzi namo mumalankhula: ma core a mbali imodzi akamatentha kwambiri kuposa anzawo pa ntchito yofanana, heatsink yapendekeka.

Pali chizindikiro china chomwe ambiri sachilumikiza ndi kutentha. Mwaika RAM yokwana, koma seva ikuona gawo chabe, kapena ikudandaula za malo ena a RAM ngakhale mutasintha timitengo take. Pa soketi ya LGA 3647, yomwe Intel idabweretsa mu 2016, komanso pa LGA 4189 ndi LGA 4677 zomwe zidatsatira, palibe kachogwirira kotsekera purosesa monga pa makompyuta a pa desiki. Heatsink yomweyo ndiyo imapanikiza purosesa pa timapini ta mu soketi, tomwe ndi 3,647 pa yoyambayo monga dzina lake likunenera. Heatsink ikamangidwa mopendekeka, pamwamba pamatsala mpweya, pansi timapini tina sitikhudza. Matenda awiri, gwero limodzi.

Phala lakale ndilo limaulula

Ntchito yomasula imayamba ndi zinthu zotopetsa koma zosalumphika. Sungani kope la deta yonse kwina. Gwirizanani ndi ogwiritsa ntchito nthawi yozimitsira. Zulani zingwe zonse za magetsi, pokumbukira kuti maseva ambiri amakhala ndi ziwiri. Valani lamba wa pamkono wolumikizidwa ku chitsulo cha seva, chifukwa timagetsi tija timathetheka mukavula juzi ya nayiloni mumdima tingaphe purosesa ya ndalama zambiri popanda inu kumva kanthu. Dikirani kuti heatsink izizire mokwanira kugwirika, ngakhale kuti ikadali yofunda pang'ono phala limamasuka mosavuta kusiyana ndi itazizira kotheratu.

Manati kapena masikuluu amamasulidwa motsatira manambala olembedwa pa heatsink, kawirikawiri mobwerera m'mbuyo. Pa masoketi a Intel atchulidwa aja, purosesa imatuluka itamatirira ku heatsink, itagwiridwa ndi kafelemu ka pulasitiki. Ikangotuluka, vundikirani soketi ndi chivundikiro chake chakuda. Timapini ta m'menemo n'topyapyala zedi, ndipo sikuluu imodzi yogweramo, ngakhale mkono wa malaya wokoka, ingathe kupha motherboard yonse.

Mukalekanitsa purosesa ndi heatsink, musathamangire kupukuta. Phala lakalelo ndi chidindo chosonyeza mmene zitsulozo zinkakhudzirana, ndipo mukalipukuta mwataya umboni. Lijambuleni pa foni. Ngati lafalikira paliponse, lopyapyala moti chitsulo chikuonekera, lotsala litafinyikira m'mphepete, kukhudzana kunali bwino ndipo vuto lili kwina. Ngati mbali imodzi yafinyika koma ina lakhuthala ndipo likuonekabe mmene lidapakidwira, heatsink idapendekeka. Likakhuthala pakati n'kupyapyala m'mphepete, chimodzi mwa zitsulozo n'cholowa mkati ngati mbale. Makona ouma opanda kanthu akutanthauza kuti phala lidachepa. Likamasweka ngati dothi la m'dambo nthawi yachilimwe, lauma ndi ukalamba. Mafakitale ndi malo oyesera zipangizo amagwiritsa ntchito pepala lapadera la kampani ya Fujifilm lotchedwa Prescale, lomwe limafiira pomwe lapanikizika, koma kwa mmisiri wamba chidindo cha phala chimakwanira.

Zoyambitsa zake zina n'zochititsa manyazi. Heatsink yatsopano imabwera ndi kapulasitiki koteteza tsinde lake, ndipo kakaiwalika pamenepo kamakhala bulangeti pakati pa zitsulo. Kachidutswa ka phala louma, kawaya kopanikizika pansi pa heatsink, kapena kafelemu ka pulasitiki komwe dzino lake limodzi silidalowe, zonsezi zimakweza ngodya imodzi. Kafelemuko nakonso kali ndi mitundu. Pa LGA 4677 mapurosesa osiyana amafuna mafelemu osiyana, ndipo chizindikiro cholembedwa pa felemu chiyenera kufanana ndi cholembedwa pa purosesa. Pa LGA 3647 pali masoketi a makona ofanana ndi ena opapatiza, kotero heatsink yogulidwa pa intaneti pongoona nambala ya soketi imatha kufika koma mabowo osagwirizana. Yofanana mabowo nayo ingakhale yopangidwira purosesa ya mawati ochepa.

Maseva ena m'maofesi a kuno ndi ogwiritsidwapo kale ntchito kunja. Amakhala atatumikira zaka zingapo asanakwere sitima, kenako n'kugwedezeka pa thiraki kuchokera ku madoko a Beira, Nacala kapena Dar es Salaam. Phala louma kale likagwedezeka chotero limasweka n'kusiya ming'alu ya mpweya. Seva yotere ikafika, kusintha phala isanalowe pa ntchito si kuwononga nthawi.

Palinso kutha kwa phala kodza pang'onopang'ono. Chitsulo chikatentha chimafutukuka, chikazizira chimabwerera, ndipo chivundikiro cha purosesa ndi tsinde la heatsink sizichita izi mofanana. Kupumira kumeneku kumafinyira phala lofewa kunja, pakati n'kutsala pouma. Seva yozimazima chifukwa cha kuthima kwa magetsi imadutsa m'kutentha ndi kuzizira kotereku kawirikawiri kuposa yoyaka chaka chonse.

Kupukuta, kupaka, kumanga

Phala lakale limachotsedwa ndi isopropyl alcohol wa mphamvu ya 90 peresenti kapena kuposa, pa kansalu kosasiya ulusi. Mankhwalawa amayaka moto, choncho agwiritseni ntchito pamalo podutsa mpweya. Sipiriti wapepo wa m'golosale amasiya utoto, parafini amasiya mafuta, thina amadya pulasitiki. Mpeni kapena sikuludiraiva yokanda nayo imasiya mizere yomwe idzasunga mpweya. Ndipo mankhwala otsukira mano, omwe ena amalumbirira kuti amagwira ntchito, amauma m'masiku ochepa chifukwa muli madzi. Pa seva ya chipatala kapena ya banki zimenezi n'zosayenera kuziyesa n'komwe.

Mukapukuta, gonekani lula yachitsulo pa tsinde la heatsink ndi pa chivundikiro cha purosesa, muunike ndi tochi kuseri. Kuwala kukamadutsa moonekeratu pakati, chitsulocho n'chopindika ndipo phala lokha silithetsa vutolo.

Kadontho kamodzi ngati nsawawa pakati, komwe kamakwanira pa kompyuta ya pa desiki, sikafika m'makona a purosesa ya seva. EPYC, mwachitsanzo, ili ndi tizidutswa ta silikoni tambiri tofalikira pansi pa chivundikiro chonse, osati kamodzi pakati, kotero kona youma ikhoza kukhala pamwamba penipeni pa ma core. Buku la seva iliyonse limaonetsa kapakidwe kake, kaya ndi mizere, timadontho tingapo kapena kufalitsa mopyapyala, ndipo ndi bwino kutsatira chomwecho. Heatsink yatsopano yomwe yabwera ndi phala lake lopakidwa kale musaiwonjezere lina. Komanso mukaika heatsink kenako n'kuinyamula kuti muone ngati yakhala bwino, mwalowetsa mpweya, yambiraninso.

Kwa seva yomwe simukufuna kuitsegulanso kwa zaka, pali kapepala kapadera monga PTM7950 ka kampani ya Honeywell. Kamakhala kolimba kakazizira, kamafewa pa madigiri pafupifupi 45 n'kulowa m'tizigwa tonse, ndipo sikafinyikira kunja msanga ngati phala wamba. Kamafuna kutentha ndi kuzizira maulendo angapo kasanakhazikike, choncho manambala a tsiku loyamba asakukhumudwitseni.

Tsopano pa kumanga, pomwe ntchito yonse imapindulira kapena kuonongekera. Makaniko aliyense amadziwa kuti manati a tayala samangidwa mozungulira, amamangidwa modumphadumpha, ndipo mabawuti a mutu wa injini ali ndi ndondomeko yake ndi mphamvu yake yoyezedwa. Mukamaliza nati imodzi anzake asanagwire, heatsink imatsamira mbali imeneyo, phala limathawira mbali inayo, ndipo ngakhale mutamanga otsalawo mwamphamvu bwanji siibwerera bwinobwino. Yambani mwaonetsetsa kuti kachizindikiro ka makona atatu ka pa purosesa kaloza komwe kali ka pa soketi. Ikani heatsink mowongoka kuchokera pamwamba, osaikhwekhwereza.

Pa LGA 3647 manati amafuna sikuludiraiva ya Torx T30 ndipo mphamvu yake ndi 12 in-lbf, yomwe ndi pafupifupi 1.4 Nm, motsatira manambala olembedwa pa heatsink. Pa LGA 4189 ndi LGA 4677 sikuludiraiva ndi yomweyo koma mphamvu idatsika kufika pa 8 in-lbf, pafupifupi 0.9 Nm, ndipo pali timawaya tinayi toletsa kupendekeka tomwe tiyenera kutsekedwa manati asanamangidwe. Mmisiri wozolowera makina akale akamanga atsopanowa ndi mphamvu ya kale amaononga manati. Makampani opanga maseva nawo amasintha zina. Pa Dell PowerEdge R740 pali masikuluu awiri okha: woyamba umazungulitsidwa pang'ono, wachiwiri umamangidwa wonse, kenako mumabwerera kukamaliza woyamba uja.

AMD idatsata njira ina pa soketi ya SP3 ya timapini 4,094. Purosesa imatsekedwa kaye ndi felemu yachitsulo ya masikuluu atatu a Torx T20, omangidwa motsatira 1, 2, 3 ndi kumasulidwa 3, 2, 1, kenako heatsink imamangidwa payokha pamwamba. Nkhani ya mphamvu yomangira ndi yaikulu moti mapurosesa a Threadripper, abale ake a EPYC a pa desiki, ankagulitsidwa ndi kasikuludiraiva koyeza mphamvu m'bokosi momwemo.

Sikuludiraiva yoyeza mphamvu ndi chida chomwe ofesi iliyonse yokhala ndi seva imayenera kukhala nacho. Dzanja limanama. Limamanga mosakwanira poopa kuswa, kapena mopitirira pofuna kutsimikiza, ndipo kupitirira kumapinda motherboard.

Purosesa yokhayo ikapindika

Nthawi zina mmisiri amachita zonse molondola koma kapangidwe ka soketi ndiko kamabweretsa mpata. Chitsanzo chodziwika ndi LGA 1700, yomwe Intel idatulutsa mu November 2021 pamodzi ndi mapurosesa a Alder Lake. Purosesa yake ndi yotalika mbali imodzi, ndipo chotsekera chake chimapanikiza pakati pa mbali zitalizo, zomwe zimachititsa chivundikiro kulowa mkati pang'ono. Mtolankhani wa zamakompyuta wa ku Germany, Igor Wallossek, adasonyeza kuti kuika timawashala pansi pa chotsekeracho kumatsitsa kutentha ndi madigiri angapo, ndipo makampani monga Thermal Grizzly ndi Thermalright adayamba kugulitsa mafelemu opanikiza purosesa mofanana mbali zonse. Intel idayankha kuti kupindikako sikutulutsa purosesa kunja kwa malire ake, ndipo idachenjeza kuti kusintha chotsekera kungathetse waranti. Nkhaniyi ikukhudza maseva ang'onoang'ono chifukwa ma Xeon E-2400 amakhala pa soketi yomweyo. Pa seva yomwe ikadali pa waranti, madigiri ochepawo sakuyenera chiopsezocho.

Okonda kuthamangitsa makompyuta a masewera ali ndi njira zina ziwiri zomwe sizikuyenera seva. Yoyamba ndi kupala chivundikiro cha purosesa pa sandipepa mpaka chisalale. Zimathandizadi, koma zimafufuta manambala a purosesa pamodzi ndi waranti yake. Yachiwiri ndi chitsulo chamadzimadzi chopangidwa ndi gallium, chomwe chimadutsitsa kutentha kuposa phala lililonse koma chimadya aluminiyamu ndipo chimadutsitsanso magetsi, moti kadontho kamodzi kotayikira pa motherboard n'kokwanira. Heatsink yopindika mankhwala ake ndi kugula ina.

Mukatseka seva, bwezerani chophimba cholondolera mpweya ndi chivundikiro chapamwamba musanayese, chifukwa seva yotsegula sizizira mmene idapangidwira. Yang'anani kaye ngati RAM yonse ikuoneka. Kenako ipatseni ntchito yolemetsa ndi pulogalamu monga stress-ng kapena Prime95 kwa theka la ola kapena ola lathunthu, mukuyang'ana BMC. Chofunika si nambala ya purosesa yokha koma kusiyana kwake ndi mpweya wolowa, chifukwa madigiri 70 m'chipinda cha madigiri 20 si chimodzimodzi ndi madigiri 70 m'chipinda cha 30. Lembani manambala onse awiri, tsiku ndi mtundu wa phala pa kapepala, mumate mkati mwa chitseko cha kabati ya maseva kuti wobwera pambuyo panu adzakhale ndi poyerekezera.

Ngati mwamanga kawiri mosamala, chidindo cha phala chikuoneka bwino, koma kutentha sikukutsika, kayikirani heatsink yeniyeniyo. Yambiri imakhala ndi timapaipi ta mkuwa totsekedwa momwe muli timadzi pang'ono. Timadzito timasanduka nthunzi kumbali yotentha, timakazizira ku zipsepse, n'kubwereranso. Kapaipi kakaboola kapena kuphwanyika, heatsink imaoneka yabwinobwino kunja koma tsinde limatentha zipsepse zili zozizira. Pa seva ya mapurosesa awiri okhala ndi ma heatsink ofanana, asinthanitseni, ndi phala latsopano mbali zonse. Kutentha kukasamukira ku purosesa inayo, gulani heatsink ina. Kukatsala pomwepo, vuto lili pa purosesa kapena pa zitsulo zogwira soketi, ndipo apa ndi poyenera kuitana omwe adakugulitsani makinawo, mutanyamula zithunzi za phala zija ndi mbiri ya mu BMC.